Kumudzi mlandu suola, koma ku khoti umaola pakatha zaka 6

Kumudzi timati mlandu suola. Ng'ombe zikadya cimanga ca mnzako, olo papite zaka 10, akuluakulu adzakhala pansi pa mtengo n'kuukamba mlanduwo mpaka wolakwa alipire. Ambiri a ife tabwera nayo nzeru imeneyi m'tauni, ndipo ndi imene ikuluzitsa anthu ndalama muno mu Chipata. Ku High Court ndi ku khoti la majisitireti mlandu umaola ndithu, ndipo tsiku loolera lake linalembedwa kale m'lamulo. Munthu amene anakunamizani pokugulitsani ploti, honda kapena foni, pakapita zaka 6 akhoza kuima pamaso pa woweruza osakana n'komwe kuti ananama. Angokamba kuti mwacedwa, basi, ndipo lamulo lidzakhala kumbali yake.

Nkhani iyi ikhudza anthu ambiri kuposa mmene tiganizira. Kucokera pa 24 February 2017, pamene Chipata anakhala mzinda, aliyense amene wagwirako kangacepe akufuna ploti. Mumseu wa ku Mwami, wa ku Lundazi, wa ku Mfuwe ndi wa ku Chadiza malo akudulidwa, ena a khonsolo, ena a mafumu, ena osadziwika bwino mwini wake. Pakati pa wogula ndi wogulitsa pali ma ajenti a cikwama m'khwapa, okamba Cizungu cosalala. Kuonjezera apo pali makampani aja olonjeza kuti ndalama idzabereka mwezi ndi mwezi. Boma linalowererapo pa Heritage Coin mu 2018, ndi pa Ono ndi Comsave mu 2020, cifukwa ankalandira ndalama za anthu alibe laisensi ya Bank of Zambia. Manje werengani nokha. Amene ananamizidwa mu 2017, zaka zake 6 zinakwana mu 2023. Wa mu 2018, mu 2024. Wa mu 2020, mu 2026. Koma alipo ena amene akali kusunga lisiti m'Baibulo, kudikira kuti "mwezi wa mawa" wa wogulitsa ufike.

Lamulo la mu 1939

Lamulo limene limaika malire a nthawi silinalembedwe ku Lusaka. Ndi Limitation Act ya ku England ya mu 1939, imene imagwira nchito muno kudzera mu British Acts Extension Act, Mutu 10 wa malamulo a Zambia. Eni ake ku England anaisiya n'kuika ina mu 1980, koma ife tikali nayo.

Zimene ikamba n'zosavuta kusunga m'mutu. Mlandu wa pangano losweka, monga kugula ndi kugulitsa kapena nkhongole, ndi zaka 6. Mlandu wa kulakwiridwa kumene kwakutayitsani cuma, kuphatikizapo kunamizidwa, ndi zaka 6. Kufuna kubweza malo amene munthu wina wakhalapo ndi zaka 12. Ngati ndi kuvulala m'thupi, monga kugundidwa ndi honda pa Umodzi Highway cifukwa ca kusasamala kwa woyendetsa, nthawi ndi zaka 3 cabe, malinga ndi Mutu 72 wa malamulo athu.

Funso lalikulu ndi lakuti nthawi iyamba liti kuwerengedwa. Pa pangano, iyamba tsiku limene pangano lasweka. Pa kulakwiridwa monga kunamizidwa, iyamba tsiku limene mwataya cuma canu cifukwa ca bodzalo. Siiyamba tsiku limene mwakwiya, kapena tsiku limene mwapeza ndalama ya loya. Ndipo imaima pamene mapepala anu alowa ku khoti ndi kudindidwa. Kukadandaula ku polisi sikuimitsa nthawi. Kukhala pansi ndi aceyamani a mu komboni, abusa kapena ankhoswe sikuimitsa nthawi. Apolisi akhoza kutsegula doketi ya kutenga ndalama mwacinyengo pa gawo 309 la Penal Code, munthuyo n'kumangidwa, koma uwo ndi mlandu wa boma. Mlandu wanu wofuna ndalama zanu ukupitiriza kukalamba panja.

Pali makomo angapo amene lamulo linasiya otsegula. Loyamba ndi gawo 26. Ngati mlandu wanu wakhazikika pa cinyengo, kapena wolakwayo anabisa mwacinyengo zimene anacita, zaka 6 ziyamba tsiku limene munazindikira cinyengoco, kapena limene mukanacizindikira mukanafufuza monga munthu wosamala. Laciwiri ndi la ana ndi odwala misala: nthawi yao imadikira mpaka mwanayo akule kapena wodwalayo acire. Lacitatu ndi la nkhongole. Ngati wokongola walemba ndi kusaina kuti akuvomera nkhongoleyo, kapena walipirako pang'ono, zaka 6 ziyambanso tsiku limenelo. Koma kuvomera kwa pakamwa, kwa "osadandaula amai, nizabweza", sikuwerengedwa olo kukambidwe pamaso pa msika wonse wa Kapata.

Kusintha mapepala mlandu uli mkati

Apa ndiye pamene ambiri amagwera, ngakhale amene anapita ku khoti nthawi ikalipo. Munthu amaganiza kuti popeza mlandu unalowa, akhoza kuonjezera ciliconse nthawi iliyonse. Si conco.

Tiyerekeze mayi wogulitsa salaula ku Saturday Market. Mu March 2017 wagula ploti pa K35,000 kwa bambo amene wamuuza kuti malowo ndi ake ndipo mapepala ali bwino. Mayiyo wamanga nyumba mpaka pa windo. Mu August 2018 kwabwera munthu wina ndi taito ya malo omwewo, yocokera ku Unduna wa za Malo. Taito ndi yolimba: gawo 33 la Lands and Deeds Registry Act likuti ndiyo umboni wotsiriza wa umwini, pokhapokha itapezedwa mwacinyengo kapena molakwitsa. Mayiyo wacoka pamalopo. Wogulitsa akumuzungulitsa zaka zitatu, ndipo mu January 2022 mayi wasuma. Pa pepala la dandaulo, limene maloya amacha statement of claim, walemba cinthu cimodzi cabe: ndinalipira K35,000, sindinalandire ploti, andibwezere. Mpaka apa ali m'nthawi.

Mlandu ukucedwa monga icedwera milandu. Mu 2025 wapeza loya wina, amene waona kuti ndalama yaikulu inathera pa simenti, mabuloko ndi amisiri, ndiponso kuti wogulitsayo ankadziwa kuti malowo si ake. Loyayo akufuna kuonjezera dandaulo la cinyengo, kuti khoti lilamule cipukuta misozi ca nyumba yonse. Koma zaka 6 kucokera mu March 2017 zinatha mu March 2023. Olo atadalira gawo 26 n'kuwerenga kucokera tsiku limene taito inaonekera, zinatha mu August 2024. Atafuna kutsegula mlandu watsopano wa cinyengo, wacedwa. Ndiye funso ndi ili: kodi angaulowetse m'mlandu wakale uja wa mu 2022?

Malamulo a High Court, pa Order 18, amapatsa woweruza mphamvu yolola kusintha mapepala pa nthawi iliyonse mlandu usanathe, kuti nkhani yeniyeni imene anthu akukanganirana iweruzidwe. Kawirikawiri cilolezo cimaperekedwa, bola wosinthayo alipire zimene mnzake wataya cifukwa ca kusinthako. Vuto libwera cifukwa ca mfundo imodzi: mau oonjezeredwa amatengedwa ngati analembedwa tsiku limene mlandu unalowa. Conco woweruza akalola mayi uja kuonjezera cinyengo mu 2025, kumakhala ngati anacilemba mu January 2022, ndipo wogulitsa walandidwa cishango cake ca nthawi.

Makhoti akhala akukana zimenezi kwa zaka zoposa 100. Mu 1887, pa mlandu wa Weldon ndi Neal ku England, mayi wina anasuma kuti anamuipitsira mbiri. Pambuyo pake anafuna kuonjezera kuti anamenyedwa ndi kutsekeredwa popanda cifukwa, nthawi ya milandu imeneyo itatha kale. Khoti la apilu linakana, ati n'kupanda cilungamo kulanda woimbidwa mlandu ufulu umene lamulo lampatsa kale.

Koma lamulo linafewako. Pamene malamulo athu sakamba kanthu, High Court imatsatira buku la malamulo a makhoti a ku England la mu 1999, limene maloya amacha White Book. Pa Order 20 rule 5 bukuli limalola woweruza kuvomera dandaulo latsopano olo nthawi itatha, ngati likucokera pa zocitika zomwezo, kapena zofanana kwambiri ndi zimene zinalembedwa kale m'mlanduwo. Ndiye cimene cidzapulumutsa kapena kugwetsa mayi uja ndi zimene analemba mu 2022. Ngati analemba kuti wogulitsa anamuuza kuti malowo ndi ake, tsiku lakuti, pamalo akuti, ndipo iye anakhulupirira n'kuyamba kumanga, loya wake ali ndi poimira, cifukwa zocitikazo zilimo kale, cangosintha ndi dzina la mlandu. Koma ngati anangolemba "ndinalipira, andibwezere", loya wa wogulitsa adzakamba kuti cinyengo ndi nkhani yatsopano, yofuna mboni zatsopano ndi umboni wa zimene zinali mumtima mwa munthu zaka 8 zapitazo. Mwai wakuti woweruza amvere iye ndi waukulu.

Cinyengo cili ndi malamulo akeake. Pa mlandu wa Sablehand Zambia Limited ndi Zambia Revenue Authority mu 2005, Supreme Court inakamba kuti wonena za cinyengo ayenera kucilemba momveka bwino m'mapepala ake, ndipo umboni wake uyenera kukhala wolimba kuposa wa milandu wamba ya ndalama. Simungadzuke tsiku la mlandu n'kuyamba kuuza woweruza kuti "anandibera mocenjera" pamene papepala mulibe. Muyenera kulemba bodza lake, amene analikamba, tsiku lake, ndi cifukwa cimene mukukambira kuti ankadziwa kuti ndi bodza.

Cinanso ndi dzina la munthu wosumiridwa. Kukonza dzina limene munalakwitsa polemba, pamene aliyense ankadziwa amene mukutanthauza, khoti likhoza kulola olo nthawi itatha. Koma kubweretsa munthu watsopano, monga ajenti amene anatenga komishoni n'kusowa, ndi nkhani ina. Kwa iye mlandu uyamba tsiku limene mwamulowetsa, ndipo ngati zaka 6 zatha, wapulumuka. N'cifukwa cake musanasumire shopu ya ku Down Shops, fufuzani ku PACRA kuti dzina la pa cikwangwani ndi la kampani kapena ndi la munthu.

Phunziro la ku Australia

Mlandu wochuka pa nkhani iyi unacitika kutali, koma mfundo yake ndi yothandiza kuno. Mu October 1987 banki ya Rothwells ku Perth inali pafupi kugwa. Boma la cigawo ca Western Australia linasaina kuti lidzalipira National Australia Bank ngati Rothwells ilephera kubweza ndalama zimene inapatsidwa. Rothwells inagwa ndithu, bomalo linalipira mu 1989, ndipo mu 1990 linasumira kampani ya Wardley kuti inalisoceretsa pokamba kuti Rothwells ili bwino. Kumayambiriro kwa 1991 bomalo linasintha mapepala, n'kuonjezera mau ena osoceretsa amene linati anakambidwa mu October 1987 momwemo. Lamulo lao la nthawi imeneyo linkapereka zaka 3 cabe, ndiye a Wardley anati mwacedwa.

Mu 1992 High Court ya Australia inagamula kuti sanacedwe. Inati pamene munthu wasaina kuti adzalipira cinthu cikacitika, sanataye kanthu mpaka cinthuco citacitika, conco nthawi siinayambe mu 1987. Inacenjezanso kuti funso la nthawi lisamagamulidwe mothamanga umboni usanamveke, kupatula pamene zinthu zili poyera kwambiri.

Cigamulo ici sicimanga woweruza wa ku Chipata, koma loya akhoza kucichula pothandiza khoti kuganiza. Ndipo cikufanana ndi zimene timaona: mphunzitsi kapena nesi amene wasainira mnzake loni atauzidwa kuti bizinesi ikuyenda bwino, n'kudzaona pakapita zaka ziwiri kuti akudulidwa malipiro. Kodi anataya ndalama tsiku losaina, kapena tsiku limene anayamba kudulidwa? Kusiyana kwa masiku awiriwa kukhoza kupha mlandu kapena kuusunga wamoyo. Koma wogula ploti asadzinamize ndi nkhani ya Wardley. Iye anataya ndalama tsiku lomwe anapereka K35,000 pa malo amene sanali a wogulitsa.

Kodi lamuloli ndi lacilungamo?

Cifukwa ca malire a nthawi n'comveka. Mboni zimafa, zina zimasamukira ku Lusaka kapena ku Malawi, malisiti amafufutika, anthu amaiwala. Wabizinesi woona mtima sayenera kukhala moyo wake wonse akuopa samoni ya katundu amene anagulitsa zaka 20 zapitazo. Palibe dziko limene makhoti ake angayende popanda malire otere.

Koma tione amene lamuloli likumupweteka kuno kwathu. Kampani ili ndi loya amene amalemba tsiku lomaliza pa kalenda. Mayi wa ku Mchini kapena ku Nabvutika alibe. Iye analeredwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, kuti kutengera mnzako ku khoti ndi kudula cibale, makamaka ngati mupemphera chalichi cimodzi. Wonyenga amadziwa zimenezi. Nchito yake ndi kuzungulitsa: lero ali ku maliro ku Katete, mawa akudikira ndalama za soya, mkuja foni yazima. Caka ciliconse cimene wapambana cikumuyandikiza ku caka ca 6. Ndipo lamulo limene likuweruza zonsezi lili m'Cizungu ca mu 1939, lopezeka m'mabuku a maloya, losamasuliridwa m'Cinyanja.

Olo gawo 26 lija si lofewa monga lionekera. Mau akuti "mukanazindikira mukanafufuza" ndi mpeni m'manja mwa loya wa wogulitsa. Supreme Court yakhala ikukamba kuti kugula malo sikufanana ndi kugula katundu wa m'nyumba, wogula ayenera kufufuza. Loyayo adzafunsa kuti munapita ku Unduna wa za Malo kukaona kaundula? Munafunsa ku khonsolo? Ngati ndi malo a mfumu, munaona kalata ya mfumu yeniyeni, kapena ya nduna cabe? Mukayankha kuti iyai, adzakamba kuti mukanadziwa mu 2017 momwemo.

Ena amadalira Article 118 ya Konsitityushoni, monga inasinthidwira mu 2016, imene ikuti cilungamo ciziperekedwa mosaumirira kwambiri pa timalamulo ta kayendetsedwe ka milandu. Koma pa mlandu wa Henry Kapoko, Constitutional Court inafotokoza kuti mau amenewa sanabwere kudzafafaniza malamulo a makhoti. Ndipo malire a nthawi ndi lamulo lenileni, si kalamulo ka kalembedwe ka mapepala. Pa mlandu wa City Express Service ndi Southern Cross Motors mu 2007, Supreme Court inakamba kuti munthu akhoza kudziteteza ndi lamulo lotere pa siteji iliyonse ya mlandu. Ndiye kuti mukhoza kuyenda ku khoti zaka ziwiri, kulipira loya ndi thiransipoti, kenaka n'kumva kuti mlandu wagwa cifukwa ca masiku.

Nyumba ya Malamulo ili ndi nchito apa. Dziko limene linalandira ufulu mu 1964 liyenera kukhala ndi lamulo lake la malire a nthawi, lolembedwa momveka, lokamba poyera za kusintha mapepala nthawi itatha, m'malo motumiza woweruza ku buku la ku London la mu 1999. Pamene tikudikira zimenezo, makhonsolo ndi mawailesi a m'cigawo angathe kulengeza nambala imodzi cabe, 6, monga alengezera za katemera.

Njira ina, ndi zoyenera kucita

Pa katundu wa m'shopu ndi mautumiki pali njira yocipa. Competition and Consumer Protection Act, Nambala 24 ya mu 2010, imaletsa pa gawo 47 kunamiza wogula za mtundu, ubwino kapena mtengo wa katundu. Gawo 48 limaletsa zikwangwani zija zakuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo gawo 49 limalamula kubweza ndalama kapena kusintha katundu woonongeka. Kampani yolakwa ikhoza kulipitsidwa mpaka 10 peresenti ya ndalama zonse zimene yagulitsa pa caka. Kudandaula ku CCPC n'kwaulere. Koma nako kuli masiku: wosakhutira ndi cigamulo ca CCPC ali ndi masiku 30 ocita apilu ku Tribunal. Ndipo kumbukirani kuti pamene fayilo yanu ili ku CCPC, zaka 6 za ku khoti zikuyendabe.

Conco ngati munanamizidwa, tengani pepala lero mulembe masiku atatu: limene munalipira, limene munalonjezedwa katundu, ndi limene munazindikira bodza. Werengani zaka 6 kucokera pa loyambirira, cifukwa ndilo losatsutsika. Wokongola akabwera ndi nkhani zake, mupempheni alembe papepala ndalama imene akuvomera, aike tsiku ndi kusaina. Sungani mameseji a WhatsApp ndi a Airtel Money kapena MTN MoMo, muwasindikize foni isanabedwe.

Musadikire mwezi womaliza. Kucokera mu 2020, malamulo a High Court amafuna kuti posuma mupereke pamodzi dandaulo lonse, mndandanda wa mapepala a umboni, maina a mboni, ndi kalata imene munalembera wolakwayo yofuna ndalama zanu. Zimenezi sizikonzeka tsiku limodzi, ndipo kalatayo payokha siimitsa nthawi. Ngati mulibe ndalama ya loya, Legal Aid Board ili ndi ofesi muno mu Chipata.

Ngati mlandu wanu uli kale ku khoti, pemphani kope ya dandaulo lanu, muliwerenge kapena wina akuwerengereni m'Cinyanja. Onani ngati bodza limene munauzidwa lilimo, ndi tsiku lake, ndi dzina la amene analikamba, ndi ndalama zonse zimene munataya. Ngati mulibe, uzani loya wanu apemphe kusintha sabata ino, zaka 6 zisanakwane. Nthawi ikalipo, kusintha kumangofuna cilolezo ndi kulipira zimene mnzanu wataya. Nthawi ikatha, mudzayamba kukangana za zimene munalemba zaka zapitazo, ndipo zimene simunalembe zikhoza kupita ndi nyumba yanu yonse.